Gemu ndi yomweyo, sitolo ndi ina: muigulenso kapena ayi?

Loweruka lina mwana wa mlongo wanga anatulukira kunyumba kwanga ku Kabwata, atakwera minibasi ziwiri kuchokera ku Chelstone, laputopu ili kumsana. Moni anapereka wachangu, ndipo asanakhale n'komwe pansi anayamba pempho lake: "Amalume, ndibwerekeniko khadi lanu la ku banki. GTA V yatsika mtengo pa Steam, ndipo selo ikutha mawa. Ndalama ndili nazo pafoni, ndikutumizirani manjemanje."

Ndinamufunsa ngati si iye yemwe anandisowetsa mtendere mu Meyi 2020, masukulu atatsekedwa chifukwa cha Covid, kuti ndimutsegulire akaunti ya Epic Games Store, sitolo ina ya magemu ya pa intaneti ngati Steam, pamene gemu yomweyi inkaperekedwa ulele kwa sabata imodzi. Anavomera uku akuseka. "Ndi ine ndithu. Koma anzanga onse ali pa Steam, amalume. Ine ndekha ndiye ndili kwina."

Khadi sindinamupatse. GTA Online, mbali ya GTA V yosewera ndi ena pa intaneti, pa kompyuta imadutsira pa akaunti ya Rockstar, kampani yomwe inapanga gemuyi, kotero wogula pa Steam, wotola yaulele pa Epic ndi wogula kwa Rockstar komweko, onse amakumana m'misewu ya Los Santos, mzinda wa m'gemumo, popanda wofunsa mnzake komwe anagula. Akanalipira, akanangogula chomwe ali nacho kale. Koma funso lakelo silinali lopusa ayi. GTA V inatuluka mu 2013 pa PS3 ndi Xbox 360, mu 2014 pa PS4 ndi Xbox One, mu 2015 pa kompyuta, mu 2022 pa PS5 ndi Xbox Series, ndipo ndikudziwa anthu muno mu Lusaka amene anailipira katatu. Ena anachita bwino, ena anangoponya ndalama m'ngalande. Kuti musiyanitse ziwirizi, yambani mwadziwa chomwe mumagula mukadina batani lolipirira.

Tikiti ya basi ina

Aliyense amene anakwerapo basi pa Intercity amadziwa kuti tikiti ya kampani imodzi siingakukweze basi ya kampani ina, ngakhale zonse zikulowera ku Chipata pa Great East Road yomweyo. Masitolo a magemu a pa intaneti amayenda chimodzimodzi. Mukalipira pa Steam simugula gemu ngati mmene mugulira njinga ku Kamwala, yoti mungaigulitse kapena kuipatsa mbale wanu. Mumagula chilolezo choisewera kudzera pa akaunti yanu. Kuyambira mu Okutobala 2024 Steam imalemba zimenezi poyera pamalo olipirira, boma la California ku America litavomereza lamulo loti masitolo asamauze anthu kuti akugula pomwe akungowapatsa layisensi. Epic ili ndi kaundula wake, Sony ya PlayStation wake, Microsoft ya Xbox wake, Nintendo wake, ndipo dzina lanu likalembedwa mwa mmodzi, enawo sakudziwani.

Chopweteka kwambiri ndi katundu amene amatsala m'basi yoyamba ija. Save yanu (fayilo yosunga pomwe mwafika m'gemu), DLC (mbali yowonjezera ya gemu) yomwe munagula, ma trophy (zizindikiro za zomwe mwapambana), mndandanda wa anzanu, zonsezi nthawi zambiri sizikutsatani. Ine ndinaphunzira movutikira. Ndinali nditasewera gemu ina yayitali kwa miyezi inayi, kenako ndinaiona yotsika mtengo m'sitolo ina yomwe ndinkaikonda kwambiri, ndipo ndinati ndisamuke. Ndinaidawuniloda mausiku atatu ndi bandulo ya usiku, malaiti n'kuzima kawiri pakati. Nditaitsegula, inandilandira ngati mlendo: yambani gemu yatsopano. Mbali yowonjezera yomwe ndinagula koyamba kunalibe, chifukwa DLC imagwira pa gemu ya sitolo yomwe munaigulamo basi. Wolakwa ndinali ine, sindinafunse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Alipo magemu ochepa amene amalola save kuwoloka. The Witcher 3 inayamba kutero mu Disembala 2022, Cyberpunk 2077 nayo imatero, Baldur's Gate 3 imadutsira pa akaunti ya Larian, kampani yomwe inaipanga, ndipo Fortnite imakutsatani kulikonse ndi akaunti ya Epic. Koma onetsetsani: chowoloka ndi save yokha. Kupatula magemu aulele ngati Fortnite, gemu yeniyeniyo mulipirabe kachiwiri. Pa kompyuta nthawi zina mungathe kukopera fayilo ya save ndi manja kuchoka m'foda ina kupita ina, koma si magemu onse amene amavomera.

Tisaiwalenso kuti kuno mtengo wolembedwa pasitolo si mtengo wonse. Munthu wa ku America akaona gemu ya madola 70 yatsika kufika pa 20, amangodina. Ife timawerengera katatu. Choyamba dola, yomwe banki imaisintha pa mtengo wake n'kuwonjezerapo kake. Chachiwiri bandulo: Red Dead Redemption 2 imafuna malo okwana 150GB pa kompyuta, Baldur's Gate 3 chimodzimodzi. Amene ali ndi intaneti ya faiba kapena ya satelaiti ya Starlink, yomwe inafika mu Zambia mu 2023, sazimva kuwawa, koma wodalira foni akhoza kupeza kuti bandulo yadula kuposa gemu. Chachitatu magetsi. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atatsika ku Kariba, pomwe malaiti ankabwera maola ochepa, kawirikawiri usiku anthu ali mtulo. Kugulanso gemu ndi kudawunilodanso, ndipo nthawi zambiri mbali imeneyi ndi imene imandibweza.

Steam

Steam ndi ya kampani ya Valve, inayamba mu 2003, ndipo ndi kumene kuli khamu lalikulu la osewera pa kompyuta. Anthu ambiri amene amagulanso gemu amakhala akuisamutsira kuno, ndipo zifukwa zina n'zomveka. Steam Workshop imakupatsani ma mod, zowonjezera zopangidwa ndi osewera anzanu, mongodina kamodzi, koma pokhapokha ngati gemuyo munaigula pa Steam pomwepo. Ngati ndinu wokonda magemu omanga mizinda kapena ankhondo zoganiza, amene moyo wawo uli m'ma mod, chifukwa chimenechi chokha chingakwanire. Kubweza ndalama nako n'kosavuta: pasanathe masiku 14 chigulireni, ndipo musanasewere maola awiri. Maola awiriwo muwagwiritse ntchito mwanzeru, muone ngati laputopu yanu ikuikwanitsa gemuyo, osati kuwathera posankha tsitsi la munthu wanu wa m'gemu.

Koma chomwe chimandikoka ine n'china, ndipo n'cha kuno kwathu. Steam imalola kusamutsa mafayilo a gemu kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina, kaya pa hard drive kaya pa netiweki ya m'nyumba. Ngati mnzanu wa ku hostel ya UNZA ali ndi gemu yomweyo pa Steam, inu mumangoigula pa akaunti yanu, n'kutenga mafayilo kwa iye, Steam n'kungowaunika ndi kudawuniloda zochepa zosowa. M'malo mwa 100GB mumawononga ziwiri kapena zitatu. Apa ndiye mawu a mwana wa mlongo wanga aja akuti "anzanga onse ali pa Steam" amakhala ndi mutu, ngakhale iye sankatanthauza zimenezo. Palinso Steam Families, yomwe inatsegulidwa kwa onse mu 2024: anthu osapitirira 6 a nyumba imodzi amabwerekana magemu, ngakhale awiri sangasewere kope limodzi nthawi imodzi. Musanagule, funsani kaye m'nyumba mwanu momwemo.

Chenjezo limodzi. Magemu a EA, Ubisoft ndi Rockstar, ngakhale muwagule pa Steam, ambiri amafunabe akaunti ndi pulogalamu ya eni ake. Ngati mukusamuka pothawa pulogalamu imeneyo, mukaipeza ikukudikirani kutsogolo.

Epic

Epic Games Store inatsegulidwa mu Disembala 2018 ndi nyambo ziwiri. Kwa opanga magemu inalonjeza kudula 12 peresenti yokha pa malonda, pomwe Steam imadziwika ndi 30. Kwa ife osewera inayamba kugawa magemu ulele. Mpaka lero Lachinayi lililonse, cha m'ma 17 kapena 18 awazi nthawi ya kuno, pamakhala gemu yatsopano yoti mungoitola. Simufunika kuidawuniloda tsiku lomwelo; mukangoidina yalowa pa akaunti, mudzaitsitsa mukapeza Wi-Fi.

Mkangano wa masitolo awiriwa ndi umene unabala nkhani zambiri za kugula kawiri. Metro Exodus inakhala chaka pa Epic isanabwerere pa Steam mu 2020, Borderlands 3 miyezi 6. Osapirira anagula pa Epic, ndipo itafika pa Steam ena anagulanso kuti magemu awo onse akhale pamalo amodzi. Kwa ine chimenechi ndi chifukwa chofooka kuposa zonse. N'zoona kuti pulogalamu ya Epic ilibe zambiri zomwe Steam ili nazo, koma gemu ikangotseguka, zomwe zili pa sikirini n'zofanana. Kulipira madola kuti chithunzi cha gemu chioneke pamzere wokongola, pomwe yuniti ya magetsi yatsala pang'ono kutha, sindikuonapo nzeru. Ndipo ngati vuto ndi mzere wokha, Steam imalola kuwonjezera pamndandanda wake gemu yogulidwa kwina, osalipira ngwee.

GOG

Apa ndiima pang'ono, chifukwa iyi ndi sitolo yokhayo yomwe ndagulamo dala gemu yomwe ndinali nayo kale, osanong'oneza bondo.

GOG inayambitsidwa mu 2008 ndi CD Projekt ya ku Poland, poyamba ndi dzina loti Good Old Games. Kusiyana kwake n'koti magemu ake alibe DRM, loko uja amene amafunsa kwa eni sitolo ngati muli ndi chilolezo. Mukagula mumatha kutsitsa mafayilo oikira gemu, kuwasunga pa hard drive yanu, n'kudzaika gemuyo tsiku lililonse popanda intaneti, popanda kulowa pa akaunti. Kwa munthu wa mu Lusaka zimenezi si nkhani ya maphunziro a ufulu wa ogula, ndi nkhani ya Lachiwiri madzulo. Bandulo yatha, netiweki yagwa, Windows yavuta ndipo mwaiikanso: gemu ya pa GOG mumangoitulutsa m'kabati. Steam nayo ili ndi njira yosewerera popanda intaneti, ndipo imagwira bwino, koma pa kompyuta yatsopano muyenera kulowa kaye pa akaunti.

Kanthu kena kakang'ono komwe ndimakakonda: mafayilo a magemu akuluakulu a pa GOG amabwera ogawidwa m'zidutswa za pafupifupi 4GB. Mungatsitse ziwiri usiku uno, zitatu Loweruka kwa mnzanu, mpaka zikwane. Ine ndili ndi hard drive yakuda yomata tepi pakona, yomwe imagona m'bokosi la nsapato pamodzi ndi makadi a sikelo a ana. Mmenemo muli magemu khumi ndi angapo amene ndikudziwa kuti ndidzawabwerera. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. GOG imalolanso kupempha kubweza ndalama mpaka masiku 30.

Komabe musaikweze mopitirira. Magemu ambiri amene anyamata a m'komboni amafuna, EA Sports FC, Call of Duty, GTA V, kulibe pa GOG. Ena amafika mochedwa zedi: Skyrim, yomwe inatuluka mu 2011, inafikako mu 2022. Magemu ena zosintha zawo zimachedwa kufika poyerekeza ndi Steam, ndipo kusewera ndi anzanu pa intaneti nthawi zina kumafuna pulogalamu yawo ya GOG Galaxy. Komanso kusowa kwa loko sikutanthauza kuti mwaloledwa kugawira fulashi mseu wonse; chilolezo ndi chanu nokha. Choncho ndimagulanso pa GOG gemu ya munthu mmodzi, yakale, yomwe ndimaikonda, ikatsika kufika pa madola ochepa. Ina iliyonse ayi.

Za PlayStation ndi Xbox

Pa ma console, makina osewerera magemu pa TV, nkhani imasintha, chifukwa apa mukusintha makina enieniwo, osati sitolo yokha. Microsoft ndi imene inafewetsa zinthu: kuyambira 2016 ili ndi Xbox Play Anywhere, pomwe mukagula gemu ya pa intaneti kamodzi mumaisewera pa Xbox ndi pa Windows, save n'kumayenda nanu. Si magemu onse amene ali m'ndondomekoyi, ndipo kope la pa Steam la gemu yomweyo silowerengeredwamo. Game Pass ya Microsoft, yolipira pamwezi, ndi lendi, osati kugula: magemu amalowa ndi kutuluka. Ubwino wake ndi kulawa. Mukaikonda gemu, ndiye musankhe sitolo imodzi yoigulamo.

PlayStation ili ndi mtsuko wake wa mavuto kwa ife. Zambia palibe pamndandanda wa maiko amene mungasankhe potsegula akaunti ya PlayStation Network (PSN), ndiye anthu kuno amasankha South Africa, UK kapena America. Dziko limenelo silisinthika akaunti ikatsegulidwa. Khadi la mphatso liyenera kukhala la dziko lomwelo, ndipo DLC iyenera kugwirizana ndi dera la gemu. Ndaonapo mnyamata atagula diski ya ku Europe m'tauni, DLC n'kuigula pa akaunti ya ku America, ziwirizi osaonana. Mapeto ake anagulanso gemu yonse. Uku ndiye kugula kawiri kopweteka kwambiri, chifukwa kumapeweka pongoyang'ana kumbuyo kwa bokosi. Kubweza ndalama nako pa PlayStation n'kolimba kuposa pa kompyuta: mukangoyamba kudawuniloda, nthawi zambiri mwayi watha.

Nkhani ya dera imafika ndi pa kompyuta pomwe. Mu Meyi 2024 Sony inalengeza kuti osewera Helldivers 2 pa Steam ayenera kukhala ndi akaunti ya PSN, ndipo gemuyo inasiya kugulitsidwa m'maiko oposa 170, ambiri a mu Africa ali momwemo. Anthu atakwiya, Sony inabweza lamulo la akauntilo patangopita masiku ochepa. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndaona ngati gemu ikufuna akaunti yachiwiri.

Pochoka pa PS4 kupita pa PS5, musathamangire kugula. Magemu ambiri amakwezedwa ulele, ena ndi madola 10. Ngati yanu ndi ya diski, pafunika PS5 yokhala ndi polowetsa diski. Ndipo diskiyo musainyoze: mwa njira zonse zomwe ndatchulazi, ndi yokhayo yomwe mungagulitse kapena kusinthana ndi mnzanu mukatopa nayo. Kwa osewera mpira, amene amagula gemu yatsopano chaka ndi chaka kuyambira nthawi ya FIFA mpaka dzina linasintha kukhala EA Sports FC mu 2023, diski imabwezako kangachepe. Pa mpira womwewo, kumbukirani kuti wa PS5 amasewera ndi wa Xbox Series ndi wa kompyuta, pomwe wa PS4 amakumana ndi wa Xbox One. Funsani anzanu makina awo musanagule kope lachiwiri powatsatira.

Pafoni palibe zambiri zonena. Zogula pa Google Play siziwoloka kupita pa App Store. Minecraft ya pa Android ikhala ya pa Android, ndipo mukasamukira ku iPhone mulipiranso.

Ma key otchipa

Pali masitolo ovomerezeka ngati Humble Bundle, Fanatical ndi Green Man Gaming amene amagulitsa ma key, manambala otsegulira gemu pa akaunti yanu, ambiri a Steam, ochokera kwa eni magemu. Amenewo si sitolo ina kwenikweni. Key imakatsegukira pa Steam, ndiye yang'anani kaye ngati mulibe kale gemuyo. Ndiye pali misika ina yomwe aliyense amagulitsapo, ndi anyamata a pa WhatsApp amene amagulitsa akaunti yonse pa mtengo wa chakudya chamasana. Ndinagulapo key yotere kamodzi, ikukana kutseguka chifukwa inali ya dera lina, wogulitsa osayankhanso foni. Akaunti yogula kwa munthu ndiye yoopsa kwambiri: mwini wake woyamba angaibweze tsiku lililonse, save yanu ili momwemo. Kunamiza Steam ndi VPN, pulogalamu yobisa dziko lomwe muli, kuti mupeze mitengo ya dziko lina nako kumaphwanya malamulo awo, ndipo chomwe mukuika pachiswe ndi magemu anu onse.

Ena amagula kawiri poopa kuti sitolo idzatsekedwa. Manthawo ali ndi maziko: Nintendo inasiya kugulitsa pa eShop ya 3DS ndi Wii U mu Malichi 2023, sitolo ya Xbox 360 inatsekedwa mu Julayi 2024. Koma m'malo onse awiri anthu anapitiriza kutsitsa zomwe anagula kale. Choopsa chenicheni ndi gemu yodalira seva, kompyuta ya eni gemu ya pa intaneti. Ubisoft itazimitsa maseva a The Crew kumapeto kwa Malichi 2024, gemuyo inafa kwa aliyense, wa Steam, wa PlayStation, ngakhale wa diski m'manja. Munthu akanakhala nayo m'masitolo atatu, akanalira katatu. Gemu yotere kuigula kawiri sikuiteteza.

Ndiye ine ndikaona gemu yomwe ndili nayo kale ili pa selo kwina, ndimadzifunsa kuti ndalama yachiwiriyi ikundigulira chiyani chomwe ndilibe. Ngati ndi fayilo yosunga m'bokosi la nsapato, ndimalipira. Ngati ndi makina atsopano ndipo palibe njira yokwezera, ndimalipira monyinyirika, koma ndimadikira selo yaikulu ya pakati pa chaka kapena ya Khirisimasi. Ngati ndi anzanga, ndimayamba ndafufuza ngati gemuyo siilola kale osewera a masitolo osiyana kukumana, chifukwa yambiri masiku ano imalola. Ngati yankho ndi lakuti yatchipa basi, ndimatseka laputopu.

Mwana wa mlongo wanga uja sanapite wokondwa kwenikweni. Titafufuza chifukwa chomwe sankawaonera anzake, tinapeza kuti vuto silinali sitolo. Kuyambira mu Malichi 2025 GTA V ya pa kompyuta ili pawiri, Legacy ndi Enhanced, ndipo osewera a mbali ziwirizi sakumana. Anzake onse anasamukira ku Enhanced. Iyenso anali nayo kale pa akaunti yake ya Epic, yaulele, ikungomudikira. Koma imafuna SSD, hard drive yamakono yothamanga, ndi malo oposa 100GB, pomwe laputopu yake ili ndi hard drive yakale yolira ngati chigayo. Anakhala chete kwa kanthawi akuwerengera pafoni, kenako anadzutsa mutu.

"Amalume, nanga SSD ku Town Centre ikupita zingati?"